Tikwere Zitunda za Thabwa Tikaone Chigwa Chathu

   Amene mwabisala dzuwa pansi pa mtengo wa nimu, wailesi ili pambali, sendezani mpando kufupi. Amayi amene muli padimba, imikani kaye khasu, mupumeko.

Lero ndabwera ndi nkhani ya ulendo wapansi, wa miyendo iwiri imene Mulungu anatipatsayi. Tinyamuka pa Thabwa, tikwera zitunda za msewu wopita ku Blantyre, mpaka tikaime pamalo paja timati pa Kamuzu View, m'mphepete mwa phompho. Kumeneko tikatembenuka, n'kuyang'ana kumene tachokera.

Ndiyambe ndi funso. Kodi inu munayamba mwachiona chigwa cha Shire ndi maso anu, chonse nthawi imodzi? Mudzi wanu mumaudziwa, dimba lanu mumalidziwanso. Koma ndikufunsa za chigwa chonse, chitayalidwa pamaso panu ngati mphasa. Munachionapo?

Ambiri muyankha kuti, aa, msewu umenewo timadutsamo kawirikawiri. N'zoona. Koma tiyeni tinene chilungamo, timadutsamo bwanji? Tili m'minibasi, anthu anayi pampando wa atatu, thumba la ufa lili pamiyendo. Galimoto ikayamba mtsetse, makutu amatsekeka. Fungo la mabuleki limalowa pawindo. Amayi ena amatseka maso n'kuyamba kupemphera chamumtima. Achinyamata maso ali pa foni. Amene wakhala kuwindo amangoti chigwa phee kamodzi, kona ina yabwera, chabisika. Umenewo ndiye timautcha kuona? Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Minibasi sidekha.

Tsono ndikuuzeni chimene chinandinyamula ine.

Ndili ndi mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa ku pulayimale, wobadwira konkuno kuchigwa. Tsiku lina tikusenda chimanga pakhonde anandifunsa kuti, "Malume, bwanji nthawi zina madzi amabwera kudzatithamangitsa m'nyumba chonsecho kuno mvula sinagwe kwambiri? Amachokera kuti?" Ndinayamba kumufotokozera, manja ali m'mwamba, ndikujambula pansi ndi chitsononkho. Ndinaona kuti mwanayo akungovomera mwaulemu. Ndiye ndinati, mphwanga, pakamwa pokha sipakwanira. Loweruka udzadzuke m'mamawa, ndikakuonetse.

Unali mwezi wa June, mwera ukuwomba. Tinawoloka mlatho wa Kamuzu kusanache bwino, nkhungu ili yalaa pamwamba pa Shire. Pa Thabwa tinapeza msika ukungoyamba kudzuka. Amayi amayala masamba ndi tomato, wina amakoleza moto wa chiwaya, apolisi a pa chipata atavala majasi. Tinagula masau a m'kambale ndi mbatata yootcha. Madzi akumwa tinali titanyamula kale. Basi, tinauyamba.

Mvetserani bwino apa, chifukwa miyendo imakuuza zinthu zimene galimoto imabisa. Poyamba uli pakati pa milambe, zimitengo zonenepa zija za kwathu kuchigwa. Ukamakwera, milambe imayamba kuchepa, imatsala m'mbuyo umodziumodzi ngati abale okuperekeza. Dothi limasintha, miyala imachuluka. Mpweya nawo umasintha. Kuchigwa mpweya ndi wolemera, umakukumbatira. Kumtunda umapepuka, umakulowa m'malaya. Msewu umapindika ngati njoka yothawa moto, ndipo kona iliyonse umaganiza kuti wafika, koma kutsogolo kuli chitunda china. Mnyamata uja poyamba ankathamanga, kundisiya m'mbuyo. Ndinamuuza kuti, mphwanga, pang'onopang'ono ndi mtolo. Sipanapite nthawi, anayamba kuyenda pafupi nane, akupumira m'mwamba.

Tsopano ndikufuna ndikuonetseni munthu amene tinakumana naye, chifukwa popanda iye nkhaniyi ikhala yoperewera.

Tili pakati pa chitunda china, tinapeza bambo akukankha njinga ya makala. Matumba atatu, omangidwa ndi zingwe za mphira, pamwamba atawonjezera ndi timitengo kuti makala akwere kupitirira kukamwa kwa thumba. Njinga siinkaoneka, unkangoona matayala pansi pa phiri lakuda. Bamboyo anali atatsamira ndi phewa pa katunduyo, dzanja lina pa chiwongolero, mutu uli pansi. Patapata mmodzi anali womangidwa ndi waya. Thukuta linali litajambula mizere pankhope yodzaza fumbi la makala. Akayenda mapazi angapo amaima, n'kukankhira mwala ndi phazi kumbuyo kwa tayala kuti njinga isabwerere. Akapuma amachotsa mwala uja, n'kuyambanso.

Ndinati, "Achimwene, mwadzuka bwanji? Tikuthandizeniko." Sanakane. Tinagwira kumbuyo ine ndi mwanayo. Abale anga, katundu uja ndi wolemera. Unkamva ngati phiri lenilenilo likukukankha kuti ubwerere kwanu.

Titafika poti n'kupuma, tinagawana mbatata. Anatiuza kuti ananyamuka usiku, ndipo akufuna akafike m'tauni dzuwa lisanapendeke. Ndinamufunsa kuti, "Nanga pa Kamuzu View paja mumaimapo?" Anati, "Kuima ndimaima, achimwene, koma kupuma basi. Zoyang'ana kumbuyo ine ayi. Maso anga amakhala pa tayala."

Mawu amenewo andikhala mumtima mpaka lero. Maso anga amakhala pa tayala. Munthu amene amalidziwa phirili kuposa tonsefe, amene mapazi ake amadziwa kona iliyonse, alibe mpata woona kukongola kwake. Alendo ochokera kutali amaimika galimoto pamenepo, n'kutulutsa makamera. Mwini dera amadutsa mutu uli pansi.

Ndipo musaganize kuti zayamba lero. Kalekale sitima zapamadzi zinkakwera Shire kuchokera ku Zambezi n'kudzatsitsa katundu padooko la kwa Katunga, konkuno ku Chikwawa. Kuchoka apo, katundu yense wopita ku Blantyre ankakwera mapiri amenewa pamitu ya anthu, amtengatenga. Nsalu, mchere, zitsulo, mabokosi a azungu, zonse zinadutsa pamitu ya makolo athu, kufikira njanji yochokera ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908. Choncho mapiriwa anamwa thukuta la anthu a kuchigwa kuyambira kale. Ine ndikuti, ngati pali anthu oyenera kuima pamwamba paja opanda katundu, manja ali m'chiuno, kungoyang'ana ndi kusangalala, anthu ake ndife.

Tiyeni tipitirire. Tatsala pang'ono kufika.

Tinasiyana ndi bambo uja, iye ulendo wake unali udakali wautali. Ife tinapatuka, n'kuima pamphepete. Dzuwa linali litakwera pang'ono kumbuyo kwathu, nkhungu itabalalika. Ndinamugwira mnyamata uja paphewa n'kumutembenuza. Mwana wolongolola uja anangoti kakasi. Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anati chapansipansi, "Malume, kodi kwathu n'kwakukulu chonchi?"

Inde, kwathu n'kwakukulu chonchi.

Pansi pa mapazi athu phiri linatsetsereka, miyala ndi tchire, mpaka linakathera pa chidikha chosalala ngati chopapasidwa ndi dzanja. Pakati pake Shire, akunyezimira ngati lata latsopano, akupindika uku ndi uku mosafulumira. Mlatho umene tinawoloka m'mawa uja unkaoneka ngati kachitsotso ka machesi. Galimoto ngati nyerere. Kutsidya, nyumba za pa Chikwawa boma zitakhala pamtunda, pamwamba pa gombe lalitali. Uko minda ya nzimbe yobiriwira, yodulidwa bwino m'mizere, kuyambira ku Kasinthula kuloza ku Nchalo. Pambali pake minda ya anthu wamba, yofiirira, mapira ndi thonje zitakololedwa. Utsi wa m'makhitchini ukukwera mowongoka m'midzi. Kabawi akuuluka, koma ali m'munsi mwathu, ife tikumuona kumsana. Ndi kangati pamoyo wanu mwaona kabawi kumsana?

Ndinayamba kumulozera. Ndinati, yang'ana kudzanja lako lamanja, mapiri a nkhalango awo. Kumeneko ndi ku Majete. Agogo ako anaiona nkhalango imeneyo itatha nyama, njovu zonse zitaphedwa. Kuyambira 2003, pamene boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks, nyama zinabwezeretsedwa, ndipo lero muli njovu, zipembere ndi mikango. Komweko ndi kumene kuli mathithi a Kapichira. David Livingstone atakwera Shire ndi sitima yake mu 1859, mathithi amenewo ndiwo anamuimitsa. Ena mwa anthu amene anabwera naye, Amagololo, anatsala konkuno, ndipo maina monga Kasisi, Katunga, Maseya ndi Mlilima tikuwatchulabe ngati mafumu athu.

Kenako ndinamutembenuzira kumanzere, kumwera, kumene dziko limasungunuka n'kusakanikirana ndi thambo. Ndinati, uko ndi ku dambo lalikulu la Elephant Marsh, kwa asodzi ndi mabwato, kwa mvuu ndi ng'ona. Kupitirira apo ndi ku Chiromo, kumene Ruo amakumana ndi Shire. Ukapitirirabe wafika ku Nsanje, kwa Mbona ku Khulubvi, kumene makolo ankapita kukapempha mvula. Kumeneko maso safika, koma mtima umafika. Ndipo kumeneko ndiye kumunsi kwenikweni kwa dziko lonse la Malawi. Kulibe malo ena otsika kuposa kumeneko.

Mwamva mawu amenewo? Kulibe malo ena otsika kuposa chigwa chathu. Asungeni, chifukwa tsopano tikufika pa funso la mwana uja.

Ndinati, mphwanga, chigwa wachiona. Tsopano tembenuka, uyang'ane phiri limene taimapoli.

Omvera anga, kumbuyo kuja kunalibe chokondweretsa. Zitsa. Mitengo ikuluikulu yowerengeka. Minda yolimidwa pamalo otsetsereka poti ngakhale mbuzi imayenda mosamala. Patali, utsi woyera ukufuka pa uvuni wa makala. Ndipo paliponse makwawa, zigwembe zofiira zong'ambika kuchoka pamwamba mpaka pansi, ngati zipsera za chikwapu pamsana.

Ndinatola botolo lathu la madzi. Ndinathira pang'ono pa udzu wothithikana. Madzi analowa pansi mwakachetechete. Ndinathiranso pa dothi lopanda kanthu, lolimba. Madzi anathamanga, atatenga timchenga, kulunjika kuphompho. Mnyamata uja anawatsatira ndi maso, kenako anakweza mutu n'kuyang'ana kumudzi kwawo. Sindinawonjezere mawu. Anati yekha, "Ndiye kuti mvula ikagwa kuno, yonse imabwera kwathu."

Ndi momwemo. Madzi saiwala khwawa. Mvula yambiri yogwa ku Blantyre, ku Thyolo, ku Mulanje, ku Mwanza ndi ku Neno ili ndi njira imodzi, ndipo njirayo imathera kwa ife. Imatsika ndi Likhubula, imatsika ndi Mwamphanzi, imatsika ndi Mwanza, imatsika ndi Ruo. Phiri likakhala ndi mitengo, madzi amatsika pang'onopang'ono, ena amalowa pansi n'kudzatuluka m'chilimwe ngati akasupe. Phiri likakhala lometedwa, madzi onse amatsika tsiku limodzi, atasenza mchenga ndi miyala. Mchengawo umakwirira mitsinje. Mtsinje umene kale unali wakuya lero uli ngati mbale yodzaza kale. Mukathira madzi m'mbale yodzaza, amapita kuti? Amalowa m'nyumba mwanu.

Sitinaiwale January wa 2015, pamene anthu a ku Makhanga anagona m'mitengo ndi pa zulu. Sitinaiwale namondwe Ana mu 2022, amene anagumula damu la ku Kapichira, dziko lonse n'kukhala mumdima wa magetsi kwa miyezi yambiri. Sitinaiwale Freddy mu March 2023. Ena mwa inu amene mukundimvera munataya ng'ombe, munataya mbewu, ena munataya okondedwa anu. Ndikupepesa kuti ndakhudza pachilonda. Koma ukaima pamwamba paja, zonsezi zimaoneka poyera. Phiri ndi chigwa ndi thupi limodzi. Mutu ukavulala, magazi amatsikira kumapazi.

Apa ndiime kaye, chifukwa wina anena kuti, ndiye wolakwa ndi bambo wa makala uja. Ine ndikukana. Ndinagwira njinga yake, ndinamva kulemera kwake. Palibe munthu amene angasankhe ntchito imeneyo ali ndi pena pogwira. Ndipo makalawo amapita kuti? Amakathera pa mbaula za ku Ndirande, ku Zingwangwa, ku Chilobwe, ngakhalenso m'nyumba za mipanda zokhala ndi magetsi. Amene amadula ndi mmodzi, amene amaphikira ndi ambiri. Ndipo kumbukirani kuti pa Freddy, phiri la Soche linagumukira anthu a ku Chilobwe masiku omwewo amene madzi ankamiza midzi kuno. Kumtunda kunali maliro, kuchigwa kunali maliro. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Nkhani ya mitengo ya m'mapiriwa ndi ya wa m'tauni ndi wa kuchigwa pamodzi, ndipo siidzatha ndi kulanda njinga pa chipata pokha, bambo uja asanapeze china chodyetsera ana ake.

Pali chinthu chinanso chimene ndinachiona pamwamba paja, ndipo ndikufuna achimve makamaka abale athu a kumtunda. Chaka chilichonse madzi akasefukira timamva mawu akuti, anthu a ku Lower Shire ndi osamva, bwanji sasamukira kumtunda? Amene mumanena zimenezo, bwerani mu June kapena mu August, mudzaime pa Kamuzu View. Mudzaona dziko lonse lili mbuu, louma. Koma m'mbali mwa Shire mudzaona lamba wobiriwira, wotsatira mtsinje kulikonse kumene wakhota. Amenewo ndi madimba. Mmenemo muli chimanga cha m'chilimwe, mbatata, nyemba, maungu. Madzi omwe aja amene anagwetsa nyumba ndi amene anasiya dothi la chonde limenelo. Munthu amene chakudya chake chili m'lamba ameneyo, simungangomuuza kuti nyamuka upite pa miyala. Mufunseni kaye kuti akadya chiyani.

Koma nafenso a kuchigwa, tisadzinamize. Pamwamba paja umaona bwino lomwe njira zakale za mtsinje, mmene unkadutsa kale, zooneka ngati mikwingwirima pankhope ya dziko. Ndipo umaona nyumba za malata atsopano zitamangidwa m'kati mwenimweni mwa njirazo. Ukakhala pansi sungadziwe, umangoona malo abwino osalala. Pamwamba umagwira pakamwa. Ine maganizo anga ndi akuti dimba likhale kumadzi, koma pogona pakhale pamtunda, monga amachitira kale ambiri amene ali ndi nyumba kumtunda ndi kachisakasa kudimba. Ndipo ndikanakonda mafumu athu, asanagawe malo omangapo, atakwera kaye pamenepa ndi nduna zawo.

Mwaona tsono chifukwa chake ndikuti tikwere ndi miyendo? Ndibwereze. Galimoto imakudutsitsa, miyendo imakuphunzitsa. Ukafika pamwamba utatuluka thukuta, sufulumira kuchoka. Umakhala pamwala, umadya masau ako, maso amayamba kutola zinthu chimodzichimodzi.

Ndilankhuleko ndi aphunzitsi. Inu mumajambula Shire pabolodi ndi choko, mzere umodzi wokhotakhota, ana n'kukopera m'makope. Sindikunyoza, ntchito yanu ndi yaikulu. Koma tsiku limodzi pachaka, bwanji osawatenga ana a makalasi akuluakulu, pamodzi ndi makolo angapo, n'kukawaimika pamalo otere? Phunziro limene mphwanga analimva ndi botolo limodzi la madzi, sadzaliiwala mpaka imvi. Magulu a achinyamata a kumpingo ndi kumzikiti, inunso nkhaniyi ndi yanu. Pakhomo palibe wolipiritsa.

Mwina wina ali ku Nsanje akuti, Thabwa ndi kutali ndi ife. Simunamanidwe. Kwerani ku Chididi, m'mapiri a kumadzulo kwa boma. Kumeneko kamphepo kake n'kozizira ngati si ku Nsanje, ndipo mukayang'ana kum'mawa muona Shire ndi madambo ake mpaka dziko la Mozambique. Inu a ku Muona ndi ku Fatima muli ndi zitunda zokwera ku Thekerani. Ndipo agogo amene maondo sakulolanso, ngati muli pafupi ndi Chikwawa boma, pitani madzulo pamwamba pa gombe paja, muone mtsinje uli pansi panu, mabwato akuwoloka, mapiri a Thyolo atafiira ndi dzuwa lolowa.

Tsopano mawu ochepa a chenjezo, chifukwa safunsa anadya phula.

Nyamukani m'mamawa. Dzuwa la kwathu mukulidziwa, silichita chibale, makamaka mu October ndi November. Miyezi imeneyo ndi yovutanso chifukwa utsi wa moto wolusa umaphimba chigwa, mukafika pamwamba n'kungoona mbuu. Nthawi yabwino ndi mvula ikangotha, kuyambira May mpaka July, kumwamba kuli koyera. Tengani madzi okwanira. Musapite nokha, pitani awiri kapena atatu.

Msewu umenewu ndi wa ngozi, tonse tikudziwa. Malole olemera amatsika mabuleki atatentha. Yendani kudzanja lamanja, moyang'anizana ndi galimoto zobwera, mondondozana, ndipo pa kona tcherani khutu. Ana akhale kumbali ya tchire, wamkulu kumbali ya msewu.

Mukafika pamwamba, musasewere ndi phompho. Achinyamata, chithunzi cha pa Facebook chisakufikitseni kumphepete kwenikweni. Miyala ina ndi yosakhazikika, udzu wouma umaterera. Imani patali pang'ono, chigwa sichithawa. Ndipo chonde, chimene mwabwera nacho mubwerere nacho. Zinandiwawa kuona mabotolo osweka ndi majumbo atakodwa m'zitsamba pamalo okongola chotere. Ine ndi mphwanga tinatola zodzaza jumbo limodzi, koma zinatsala zambiri. Osuta fodya, zimitsani bwino. Kachidutswa kamodzi kakhoza kutentha phiri lonse.

Tinakhala pamenepo mpaka mthunzi unafupika. Kutsika kunali ndi ntchito yakenso, maondo ankanjenjemera, zala zikukankha kutsogolo kwa nsapato. Kona iliyonse kutentha kunkabwera kudzatichingamira. Milambe ija inayambanso kuoneka, umodzi, kenako iwiri, kenako yambiri. Tinadutsana ndi anyamata ena otsika ndi njinga zopanda katundu, matumba opindidwa atamangidwa pa kaliyala, akuthamanga ngati mphepo. Mphwanga ankayang'ana nkhope iliyonse, kufuna bambo uja, koma nthawi yake yobwerera inali isanakwane.

Titafika pa Thabwa tinakhala pa benchi n'kugula thobwa. Mnyamata uja anaimirira, n'kuyang'ana kumapiri, akutchinga dzuwa ndi dzanja. Anafufuza mpaka anapapeza. Anakoka chitenje cha mayi wogulitsa thobwa uja n'kunena kuti, "Amayi, mukuona apo, pamene pakunyezimira galimoto apo? Ife tinali pamenepo." Mayiwo anayang'ana nthawi yaitali, chikho chili m'manja. Anati, "Zaka zonsezi ndili pano, sindinakwereko. Kumaoneka bwanji?" Mwanayo anakhala pansi n'kuyamba kuwafotokozera, kuyambira pa mlatho.